Mapazi a Mbuzi m'Munda: Za Msonkho wa pa Malire

Munthu akakhala pansi pa msika wa Khonjeni, kapena pa khonde la sitolo ku Luchenza, sachedwa kumva mau akuti, "Boma litseke malire, katundu wakunja watipha." Mau amenewa tawamva kwa wogulitsa nthochi, kwa woweta ng'ombe za mkaka, kwa telala, ngakhalenso kwa aphunzitsi anzathu, ndipo popeza onenawo ndi anthu amene thumba lao laphwa ndithu, sitifuna kuwaseka. Koma tifuna kuwayesa mauwo monga ayesa mlandu pabwalo, pakuti tiona kuti m'kati mwache muli mpunga ndi mankhusu zosapeta.

Kuno kwa Kapichi, kumene timinda ta anthu tapanikizika pakati pa minda yaikuru ya tiyi, mlandu wa mbuzi zodya mmera suchedwa kufika kwa nyakwawa, ndipo tonse tidziwa mayendedwe ache. Mwini munda sangoimirira nati, "Ndasauka, andilipe." Akuru ayamba amfunsa ngati mbuzizo zinamasulidwadi, ndi mwini wache ndani. Atatero anyamuka kukaona ndi maso ao mizere yoonongekayo, naiwerenga. Ndipo chotsiriza, chimene chivuta koposa, afuna kudziwa ngati ndi mbuzizo zinachita chimenechi, kapena china. Chaka china tinakhala nao pa mlandu wotere. Mbuzi zinapezedwadi m'munda, chimanga chinalidi chofooka kuchokera ku dambo kufikira ku mseu; koma mkuru wina, atafunyulula mitima ya chimanga, anapeza mbozi zitagona m'menemo. Mapazi a mbuzi anaoneka pa mizere iwiri yokha. Mwini mbuzi analipa mizere iwiriyo, ndipo mwini munda anabwerera kwao wokwiya, ngakhale mlandu unaweruzidwa molungama.

Owerenga athu adzazizwa pakumva kuti lamulo la maiko pa nkhani ya malonda liyenda m'njira yomweyi. Nthawi zina boma la dziko lolemera lipatsa alimi ache kapena mafakitale ache ndalama, kapena ngongole zofewa, kapena liwakhululukira msonkho; ndicho chimene anthu achitcha sabuside. Tsono katundu wao afika kwa ife wotsika mtengo, si chifukwa mlimi wa kumeneko aposa wathu nzeru kapena khama iai, koma chifukwa thumba la boma lache lamsenzera mbali ya mtolo. Dziko lolandira katunduyo liloledwa kuika pa chipata msonkho wapadera, umene tiutcha pano msonkho wobwezera, kuti uchotse phindu lobisikalo, ndi kuti ogulitsa awiriwo ayambe liwiro pa mzere umodzi. Nzeru imeneyi inabadwa chifukwa cha shuga. M'zaka za m'ma 1800 maboma a ku Ulaya analikulipa eni mafakitale pa thumba liri lonse la shuga wao lotuluka kunja, kotero kuti olima nzimbe m'maiko otentha anagwa. America inaika msonkho wobwezera pa shuga mu 1890, niufutukula pa katundu yense mu 1897. India inatero mu 1899. Ndipo mu 1902 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuleka malipiro amenewo. Pangano la malonda la GATT la 1947 linalemba lamuloli, ndipo bungwe la WTO, limene Malawi analowamo m'mwezi wa Meyi 1995, linalimanga ndi mfundo zambiri.

Mfundozo ndi izi mwachidule. Odandaula ayenera kukhala opanga katunduyo m'dziko, ndipo ovomereza dandaulolo asachepere pa gawo limodzi la magawo anayi a zonse zopangidwa m'dzikomo. Munthu mmodzi wa pakamwa pakuthwa sakwanira. Boma lifufuze poyera, limve mbali zonse, ndi boma la dziko lonenezedwalo liitanidwe kudzayankha. Kufufuzaku kuthe m'chaka chimodzi, kapena kukachuluka miyezi 18. Msonkho usapitirire kukula kwa sabusideyo. Ndipo pakutha zaka zisanu ufe wokha, pokhapokha atafufuzanso napeza kuti choipacho chidzabwerera. Koma mtima wa zonse ndi mafunso atatu a kwa nyakwawa aja: kodi sabuside iripo, kodi opanga a m'dziko apwetekadi, m'malonda, m'mitengo, m'phindu, m'malipiro ndi m'chiwerengero cha anchito, ndipo kodi chawapweteka ndi katundu wa sabusideyo. Lamulo linena momveka kuti bala lodza ndi chifukwa china lisaikidwe pa mutu wa mlendo.

Funso lachitatuli ndilo limene anthu a pamsika alidumpha, ndipo ife a ku Thyolo tiri nacho chitsanzo chowawa pakhomo pathu penipeni. Ndani wa msinkhu wathu sakumbukira malole odzaza mikoko ya nthochi ochokera ku Thekerani ndi ku Molere, akukwera mseu wa ku Limbe usiku ndi usana? Ana ambiri amene tinawaphunzitsa anagula makope ndi mayunifomu ndi ndalama za nthochi. Lero nthochi zambiri za m'misika ya m'mizinda zichokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo munthu poziona anena msanga kuti ndizo zinapha mlimi wa kuno. Koma tikafunyulula mtima wa mbeu tipeza mbozi. Chinatha nthochi zathu ndi nthenda ya chisaka, imene inaoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 cha ku Nkhotakota, nifalikira ndi tinsabwe toyamwa masamba ndiponso ndi ana a nthochi amene anthu anapatsana mwaubale, kufikira inalowa m'makwawa onse a kuno. Ilibe mankhwala koma kuzula phata lonse. Nthochi za alendo zinadza pambuyo, kudzakhala pa mpando umene unali wopanda munthu. Ndipo mlimi wa ku Mbeya ndi mnzathu wa khasu, wosasiyana ndi ife. Mlandu uwu ukadapita pabwalo la msonkho wobwezera ukadagwa pa funso loyamba lomwe, ndi pa lachitatunso. Chotsitsimutsa nthochi za ku Thyolo ndicho mbeu yopanda nthenda, ndi kulimba mtima kwa mudzi wonse kuzula zodwala tsiku limodzi.

Chifukwa chache sitinakondwere ndi chimene chinachitika m'mwezi wa Malichi 2025, pamene unduna wa zamalonda unalengeza chiletso cha katundu wambiri wolowa m'dziko: ufa wa chimanga, mpunga, mkaka wamadzi, zipatso, mbatata ya kachewere, anyezi, uchi, machesi, mipando ya matabwa, ngakhale timitengo totokosera m'mano. Zifukwa zache tizimvetsa, pakuti ndalama zakunja zinasowa kwambiri, ndipo nchamanyazi dziko la nsungwi kuitanitsa zotokosera m'mano kutsidya la nyanja. Koma chiletso chiri ngati munthu woponya chibonga mumdima atamva kuswaswa m'munda: sadziwa ngati akantha mbuzi, kapena mwana wa mnansi. Sichifunsa za sabuside, sichiyeza bala, sichisiyanitsa katundu ndi katundu. Ndipo walira mvula walira matope. M'mwezi wa Epulo Tanzania inabwezera, niletsa zokolola za ku Malawi kulowa kwao; katundu wa amai ochita geni anaima pa Songwe, ndipo tonse tinakumbutsidwa kuti mafuta ndi feteleza wathu wambiri adzera pa doko la Dar es Salaam. Sipanapite masiku ambiri nduna za maiko awiriwa zinakomana ku Dodoma kuchiyambi kwa Meyi, nizipangana kutsegulanso njira. Mlimi wa kwa Kapichi sanatolepo kanthu pa mkangano wonsewo.

Tsono wina asayese kuti tinena kuti mbuzi kulibe. Ziripo, ndipo zina nzonenepa. Boma lathu la Thyolo ndilo limodzi la maboma oweta ng'ombe za mkaka koposa m'dziko muno. M'mamawa uli wonse njinga zonyamula zigubu zithamangira ku malo osonkhanitsira mkaka ku Bvumbwe ndi kwina, pansi pa bungwe la alimi la Shire Highlands Milk Producers Association. Mdani amene alimi amenewa akhala akumtchula kwa zaka zambiri ndiye mkaka waufa; pakuti fakitale ikapeza ufa wotsika mtengo ingosungunula ndi madzi, osavutikanso kutumiza galimoto m'miseu ya matope kukatenga mkaka wa mlimi. Ndipo apa sabuside si nthano. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analipa amalonda ao kwa zaka zambiri pa mkaka waufa wotuluka kunja, nabwezeretsanso malipirowo mu Januwale 2009 pamene mitengo inagwa. Atachotsa malire a kuchuluka kwa mkaka mu 2015, mkaka unasefukira, kotero kuti anagula ndi kuunjika m'nkhokwe matani oposa 350,000 a ufa, amene pambuyo pache anawagulitsanso. Kugwa kwa mtengo kotere sikukhala ku Ulaya kokha. Kuyenda ndi zombo.

Koma taonani kuvuta kwache kwa umboni. Pa msonkhano wa WTO wa ku Nairobi mu Disembala 2015 maiko anapangana kuleka sabuside yolipidwa pa zokolola zotuluka kunja. Chinthu chabwino ndithu. Koma chithandizocho sichinafe, chinangosintha malaya: tsopano mlimi wa ku Ulaya alandira ndalama monga mwa kukula kwa munda wache, angakhale agulitse kwao kapena kunja, ndipo boma lache linena kuti ndalamazo sizikhudza mtengo wa mkaka. Ndani kuno adzatsata ndalama imeneyo kuchokera ku munda wa ku Ireland kufikira m'chitini cha pa sitolo ya ku Luchenza, nanena kuti pa kilogalamu iri yonse sabuside ndi yakuti? Kuonjezera apo, ufa wina uchokera ku New Zealand, dziko limene linachotsa sabuside za alimi kuyambira 1984; umenewo ndi wotsika mtengo chifukwa cha msipu wao wosauma, ndipo msonkho wobwezera ulibe nao mlandu. Ndiponso mlimi wathu ali nazo mbozi zache: magetsi akazima mkaka usasa m'thanki, chakudya cha ng'ombe chikwera mtengo, nkhupakupa zipha thadzi limene banja lonse linalikudalira. Wofufuza woona ayenera kulekanitsa zonsezi, mzere ndi mzere.

Apa ndipo tiri nao mlandu ndi lamulo lenilenilo. Mafunso ache ngolungama, koma bwalo lache linamangidwira anthu okhala ndi alembi. Pamene mgwirizano wa ku Ulaya unafuna kuika msonkho wobwezera pa magalimoto oyendera magetsi a ku China, unayamba kufufuza mu Okotobala 2023, nutumiza akatswiri kukasanthula mabuku a mafakitale ku China komweko, ndipo msonkho wokhazikika, wa pakati pa 7.8 ndi 35.3 pa 100 iri yonse, unadza mu Okotobala 2024. Ngati olemera otere anatha chaka chathunthu, nanga ife? Dziko la South Africa liri nalo bungwe la nchito imeneyi yokha, lotchedwa ITAC. Koma maiko a mu Africa okhala ndi bwalo lotere logwira nchito ndi owerengeka pa zala. Pamene WTO inasanthula malonda a Malawi mu 2016, dziko lathu linali lisanaikepo msonkho wobwezera ngakhale kamodzi. Sikuti panalibe wotipweteka. Panalibe woyeza bala.

Nkhani ya thonje ionetsa bwino kusiyanaku. Brazil inasumira America ku WTO mu 2002 chifukwa cha sabuside za alimi a thonje, nipambana. Koma mlanduwo unatha mu 2014, pamene America inalipa madola 300 miliyoni kwa a ku Brazil. Maiko anayi osauka olima thonje, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, amene analira pa msonkhano wa ku Cancún mu 2003, sanalandire gawo la malipirowo, ngakhale bala lao linali lakuya koposa. Ndipo mlimi wa thonje wa ku Chikwawa, amene mtengo wache unatsika ndi mphepo yomweyo, dzina lache silinatchulidwe nkomwe. Akuru anati mlandu suola, koma mwini mlandu akhoza kufa ndi njala poudikira. Tionjezepo ichi, chimene sichinenedwa kawirikawiri: America yomweyo inakhometsa msonkho wobwezera kwa zaka pafupifupi 80 osafuna umboni wa bala pa katundu wolipira kale msonkho, kufikira lamulo lao la 1979. Anakwera mtengo opanda makwerero, ndipo ali pamwamba analamula kuti wina ali yense adze ndi makwerero ache.

Komabe tisadziyese oyera, pakuti ife a ku Thyolo tadya ku mbali zonse ziwiri. Tiyi amene atizinga kuno, amene anayamba kubzalidwa m'boma lino cha m'ma 1908, anakula pa mthunzi wa msonkho wa eni ache. Mu 1932 Boma la Britain linaika msonkho wa makobiri 4 pa paundi ya tiyi wa maiko achilendo, monga wa ku Java, koma makobiri 2 okha pa tiyi wa maiko a pansi pa ufumu wao. Ndipo makobiri awiri osiyanawo anathandiza minda ya kuno kupuma pa nthawi ya kugwa kwa malonda. Wothyola tiyi wa ku Java sanafunsidwe. Shuga wa ku Nchalo, kunsi kwa phiri lathuli, anagulitsidwa ku Ulaya zaka zambiri pa mtengo wao wokwera, umene unaimikidwa ndi sabuside zomwezo tizidandaulazi. Ndipo pamene Brazil, Australia ndi Thailand anapambana mlandu wa shuga mu 2005, a ku Ulaya nadula mtengowo ndi 36 pa 100, chilungamo cha ena chinakhala kutaya kwa ife. Nanga makuponi a feteleza amene Boma lathu linayamba kugawa mu 2005, dzina lao ndi chiani? Zoona, pangano lichitira chifundo chithandizo cha alimi osauka m'maiko osauka. Koma mnansi wa ku Milange, poona chimanga chathu pa msika wache chaka cha zokolola zambiri, akhoza kuyimba nyimbo yathu yomwe ija.

Mbiri ya nsalu itiphunzitsa china. Livingstone poyenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu m'midzi, ndi osula akupanga makasu. Nchito zimenezo zinazilala pamaso pa nkhondo za ukapolo ndi nsalu ndi makasu a m'sitolo, popanda bwalo lowerenga bala lao. Pambuyo pache, m'zaka za m'ma 1930, nsalu za ku Japan zinadzaza masitolo a Amwenye. Britain inaziikira malire m'maiko ache ambiri mu 1934, koma ku Nyasaland inalephera, chifukwa mapangano a chigwa cha Congo, oyambira ku Berlin mu 1885, analetsa kukondera dziko limodzi pa msonkho. Olira pa nthawiyo anali eni mafakitale a ku Lancashire. Agogo athu akazi sanalire, anavala. Katundu wotsika mtengo ali ndi wompweteka, alinso ndi womtonthoza, ndipo kawirikawiri womtonthozayo ndiye wosauka koposa.

Ameneyu ndiye munthu amene timuona tsiku ndi tsiku pa mseu wa ku sukulu, mai wa dengu kumsana, wothyola tiyi kuyambira mame asanakamuke. Iye alibe ng'ombe, alibe fakitale, ndipo madzulo agula kapepala ka mkaka waufa ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Msonkho uli wonse wa pa chipata ufika pa chikhatho chache. Ngati uli msonkho woyezedwa, wolingana ndi sabuside yeniyeni, wa zaka zowerengeka, tikhoza kumuyang'ana m'maso ndi kumuuza chifukwa chache, kuti mlamu wache wa ku Bvumbwe asagulitse ng'ombe. Koma ngati uli msonkho wopemphedwa m'chipinda ndi mwini fakitale mmodzi, amene makina ache ndi okalamba ndipo safuna kuwakonza, pamenepo maiyo alipira ulesi wa munthu wolemera. Lamulo la WTO lilola kuti mabungwe oimira ogula apereke mau ao pa kufufuza. Chiletso cholembedwa usiku sichimpatsa mpata wotere. Pa chifukwa chimenechi chokha ife tisankha bwalo lochedwa koposa chibonga chofulumira, ngakhale tanena kale zolakwa za bwalolo.

Chimene tipempha kwa aphungu ndi akuru a unduna sichiri chachikuru monga achiyesa. Anthu owerengeka odziwa malamulo ndi mawerengero, okhala ndi mphamvu yoitanitsa mabuku a pa chipata cha Mwanza, Muloza ndi Songwe, akhoza kuyamba ndi katundu mmodzi, ndipo ife tikadasankha mkaka waufa. Kumene Malawi achepa, mabungwe a COMESA ndi SADC, amene tiri ziwalo zache, akadasonkhanitsa akatswiri otumikira maiko angapo pamodzi. Ndipo umboni suli kutali monga anena ena. Pa malo ali onse osonkhanitsira mkaka pali mlembi ndi buku lache, m'mene alembamo malita a mlimi ali yense m'mawa ndi madzulo, mtengo wa mwezi uli wonse, ndi masiku amene galimoto la fakitale silinafike. Kuika mabuku amenewa pambali pa mabuku a kasitomu, mwezi ndi mwezi, ndiko kuona ngati mtengo wa mlimi utsika pamene ufa uchuluka, kapena pamene magetsi azima.

Tinapita tsiku lina kukaona mabuku otere pa malo ena, amene sitiwatchula. Mlembi anatilandira mwaulemu, natitsegulira kabati. Mabuku a zaka zitatu zapitazi anali osamalika bwino, olembedwa ndi dzanja lokongola, limene tinalizindikira kuti linaphunzira pa bolodi lathu. Akale anali m'katoni pansi, pafupi ndi khoma lonyowa, ndipo chiswe chinali chitayamba kale chaka cha 2015.